Chigamulo cha Tambala wa Cipriano

Chaka chimene atropa, asilikali a Apwitikizi, anasonkhanitsa midzi ya kumtunda kwa Chifunde n'kuitsekera m'waya, anthu ena anakana kukalowa. Anathawira kuphiri ndi makasu, mbuzi ndi mbewu zawo, n'kumanga timisasa pansi pa mitengo yowirira kuti ndege isawaone. Nyakwawa wawo sanapite nawo. Iyeyo anakwezedwa pagalimoto tsiku loyamba lomwelo, chipewa chili m'manja.

Choncho kuphiriko kunalibe mfumu, ndipo panalibenso amene ankaufuna ufumuwo. Makamarada, anyamata a nkhondo ya m'tchire, podutsa ndi katundu wawo kuchokera ku Zambia anawalangiza kuti asankhe mtsogoleri. Anthu anavomera ndi mitu, koma anyamatawo atangolowa m'thengo anayamba kukankhirana. Aliyense ankalidziwa funso loyamba la atropa akafika pamalo: wamkulu ndani pano? Amuna amene kumudzi ankalimbirana mpando wakutsogolo pamaliro, tsopano onse anali odzichepetsa modabwitsa.

Amene anapeza njira anali a Zakariya, mkulu wa mpingo wa Ziyoni, munthu wamtali wosaseka wamba.

"Abale, kalekale anthu a Mulungu anakhalapo opanda mfumu," anatero. "Anali ndi oweruza basi. Wina akalakwira mnzake ankapita kwa iwo, iwo n'kugamula, kenako aliyense kubwerera kumunda kwake. Woweruza si mwini mudzi. Atropa akafunsa za wamkulu, tidzanena zoona kuti palibe."

Anthu zinawakomera. Anasankha atatu: a Zakariya eni akewo, a Bento amene anali katekisita wa Akatolika, ndi mayi Yudita, mzamba amene manja awo analandira theka la anthu a pamsasapo, moti kunama pamaso pawo kunali ngati kuvula pagulu. Anapangana zinthu ziwiri. Choyamba, oweruza asalamule kanthu pokhapokha wina atabwera kudzadandaulira mnzake. Chachiwiri, chimene chagamulidwa kamodzi chikhale chomwecho kwa wina aliyense, kuti pasakhale kuyang'ana nkhope. Wokana chigamulo sankamenyedwa ayi. Ankangomanidwa moto ndi mchere, iye ndi aliyense womuthandiza, ndipo kutchire chimenecho n'chilango chokwanira.

Bwalo lawo linali pansi pa thanthwe lalikulu lopendekeka ngati khonde, pamene ndege sikanatha kuona anthu atasonkhana. Oweruza ankakhala pamiyala itatu, ena onse pansi.

Munthu amene boma latsopanoli linamudya mutu kuposa onse anali Celestina, amake Paulina, mwana wake uja amene anali atakwatiwa kale kwina. Mayi ameneyu anabadwa ndi matenda ofuna kudziwa. Ali mtsikana anamasulapo njinga ya malume ake mpaka tizitsulo tonse, pofuna kuona chimene chimalira m'gudumu lakumbuyo munthu akasiya kupalasa. Anakwapulidwa, koma anachiona. Tsono mlandu uliwonse, ngakhale wa mbuzi yodya nyemba za eni, Celestina ankakhala kutsogolo ndi lichero lake, manja akuswa mtedza, makutu ali tcheru. Zoti wapambana ndani sizinkamukhudza kwenikweni. Iye ankafuna kudziwa kuti chinthuchi chimayenda bwanji popanda woyendetsa.

Anachitulukira pa nkhani ya madzi. Akazi ankatunga pachithaphwi chamatope, ndipo aliyense ankaona kuti pakufunika chitsime. Koma ndani akanauza amuna kuti akumbe? Celestina anapita kwa a Bento kukawapempha kuti anene ndi iwo.

"Amake Paulina, ife sitilamula," a Bento anayankha. "Mukudandaulira ndani?"

"Palibe. Ndikudandaula matope."

"Matope sangabwere pabwalo."

Celestina anabwerera akuganiza. M'mawa mwake iye ndi mnzake Estere, amene sanayambanepo naye chibadwire, anatukwanana pachithaphwi mpaka kuponyerana zikho. Estere anakasuma kuti Celestina amavundula madzi, Celestina n'kulumbira kuti amavundula ndi Estere. Oweruza atalephera kupeza wolakwa anagamula kuti amuna a akazi onse otunga madzi akumbe chitsime, achiyale miyala, kuti mkangano wotere usadzabwerenso. Chitsime chinakumbidwa. Akazi awiriwo anakasekera kuseri kwa chulu mpaka misozi.

"Ndalizindikira boma lathuli, mnzanga," Celestina anatero akupukuta m'maso. "Lili ngati diwa la mbewa. Siligwa lokha, koma ukakhudza kamtengo kake limagwa basi, ndipo silifunsa kuti wakhudza ndani."

Kenako kunabwera mlandu wa tambala. Cipriano anali ndi tambala wofiira amene anathawa naye m'malaya tsiku limene nyumba yake inatenthedwa. Pa zonse za kumudzi chinamutsalira n'chomwecho. Koma tambalayo za nkhondo sankazidziwa. Ankalira monga ankalirira kwawo, ndipo mayi wina wa ana ang'onoang'ono anakadandaula kuti tsiku lina adzaitana atropa, amene nthawi zina ankadutsa m'mbali mwa mtsinje kumunsi kwa phiri. Oweruza anagundanitsa mitu, kenako a Zakariya anaimirira.

"Chilichonse chimene mawu ake angafike kumtsinje chichoke pamsasa pano."

Anthu anaomba m'manja, mosamala ndithu. Chinali chigamulo chanzeru, ndipo ine sindinamvepo munthu akuchitsutsa, ngakhale pambuyo pake. Cipriano anapha tambala wake n'kumudya yekha akulira, msuzi osagawirako ngakhale mwana.

Koma kuyambira tsiku limenelo makutu a Cipriano anatseguka kuposa a kale. Posakhalitsa anali pabwalo: galu wa uje amauwa. Mwini galu anapempha kuti azimumanga pakamwa ndi luzi, koma mawu anali atanenedwa kale, ndipo galuyo anaperekedwa kwa makamarada. Atatha galu, Cipriano anasumira mitondo. Akazi anapsa mtima, koma kodi kusinja sikumveka kumtsinje? Kumamveka. Mwayi wake a Bento anati mtondo sulira wokha, choncho ukhale, koma uzigwiritsidwa ntchito mvula yamphamvu ikamagwa basi. Mitambo ikangoti bii, unkaona akazi akuthamangira kumitondo n'kumasinja mwaphuma pansi pa tsindwi lodontha, mvula ikakata n'kusiya misi ili m'mwamba.

Pomaliza Cipriano anasumira ng'oma ya Aziyoni, ng'oma ya a Zakariya eni ake. Anthu anadzaza pathanthwe kuti aone mmene mkuluyu azembere, poti njira ya mtondo inalipo: ng'oma nayo silira yokha. Koma a Zakariya anaikana njirayo. Anati iwo amawadziwa anthu awo, mzimu ukafika dzanja silifunsa chilolezo. Anatenga mpeni n'kung'amba chikopa cha ng'omayo aliyense akuona. Ulemu umene anapatsidwa tsiku limenelo sanapatsidwepo nyakwawa aliyense. Celestina naye anasirira, koma pobwerera kumsasa maganizo ake anali pa mwamuna wake.

Mwamuna wa Celestina, Marko, anali wogontha. Makutu ake anatsekeka pachibalo, akuphwanya miyala ndi mabomba a dinamiti pokonza msewu wa ku Cassacatiza. Manja ake anali aluso: malichero, madengu ndi tinkhokwe tonse ta pamsasapo analuka ndi iye. Vuto lake linali limodzi. Poti sankadzimva, akati anong'one ankalankhula ngati akuitana munthu wa kutsidya kwa dambo. Celestina anali atapeza njira yake. Ankamugwira padzanja, pamene mtsempha umagunda, n'kufinya pang'ono, mawu n'kutsika. Akafuna kumuuza nkhani ankamuyang'anitsitsa n'kulankhula ndi milomo ndi manja. Awiriwo ankatha kukangana bwinobwino za ndiwo, msasa wonse n'kumamva mbali ya mwamuna yokha, ya mkazi n'kumachita kulota.

Tsiku lina masana mlonda wa pamwamba pa phiri analira ngati njiwa, chizindikiro chakuti atropa ali kumtsinje. Moto unazimitsidwa, anthu onse anagona chafufumimba m'zitsamba, amayi atatseka ana pakamwa. Marko anali atapita kukadula nsungwi. Anatulukira ndi mtolo wake paphewa n'kupeza pamsasa pali zii.

"Amake Paulina!" anaitana ndi mawu ake onse. "Kodi anthu apita kuti?"

Celestina anamudumphira n'kumugwetsera pansi. Atropa sanakwere. Mwina madzi a mumtsinje ankasokosa, mwina Mulungu anawatseka makutu tsiku limenelo. Koma panalibe amene chakudya chinamulowa bwino, ndipo ulendo uno sitinganene kuti Cipriano anasuma chifukwa cha tambala. Anachita mantha monga wina aliyense.

"Ine ndilibe nawo chifukwa bambo a Paulina," anatero pabwalo, maso ali pansi. "Dengu langa anandilukira ndi iwowa, osandilipiritsa. Ndikungofunsa: mawu awo amafika kumtsinje kapena safika?"

Celestina anayankhira mwamuna wake, amene anakhala pambali pake akuyang'ana milomo ya anthu.

"A Marko si tambala, akuluakulu."

"Si tambala ndithu," anatero a Bento. "Ng'oma nayonso sinali tambala."

"Ndizikhala nawo pafupi tsiku lonse, dzanja langa lili pa dzanja lawo."

"Mwini galu uja anapempha zofanana nazo, tinamukaniza."

"Nanga mitondo inatsala bwanji?"

"Mtondo sulira wokha, mayi."

Celestina anatembenukira kwa mayi Yudita. "Amayi, inu munandigwira pobereka Paulina. Bambo awa anayenda kukakutengani mvula ikugwa. Lero muwathamangitsa?"

Mayi Yudita misozi inalengeza. "Mwana wanga, mtima wanga ukukana. Koma tikawasiya, tambala wa Cipriano timubweza bwanji? Ng'oma ija tiisoka ndi chiyani? Mawa aliyense adzati bwalo limayang'ana nkhope."

Anagamula kuti Marko achoke mwezi watsopano ukaoneka. Celestina akafuna atsale. Kopita kunali kuwiri kokha: kukadzipereka kuwaya, kumene munthu wochokera kutchire ankalandiridwa ndi mafunso ndi ndodo, kapena njira ya ku Zambia, imene inali yodzaza mabomba okwirira.

Celestina sanalire. Anaimirira n'kufunsa funso limene linkamuyabwa kuyambira kale.

"Pamwamba panu pali ndani, woti ndikamugwadire?"

"Mulungu yekha," anatero a Zakariya.

"Nanga iyeyo amakhala pabwalo tsiku liti?"

Panalibe anaseka. Nyakwawa wakale uja anali ndi zoipa zake zambiri, ndipo ine sindimulira. Koma kwa iye munthu ankatha kupita ndi nkhuku m'khwapa, kugwada, kuomba m'manja, ndipo ngati wadzuka bwino tsiku limenelo ankangoti zatha, pitani. Khomo limenelo ndi limene kukondera kunkalowera, ndiye anthu analitseka ndi manja awo mokondwa. Sanaganize kuti chifundo nacho chinkalowera pomwepo.

Kumsasa Celestina anamufotokozera Marko zonse, ndi milomo ndi manja. Ankayembekeza kuti akalipa. Marko anangogwedeza mutu.

"Agamula bwino," anatero. "Ndikanaphetsa ana a eni."

Anatenga nsungwi zomwe zija n'kuyamba kuluka dengu la paulendo. Chimenechi chinamupweteka Celestina kuposa chigamulo chenichenicho. Mayi Yudita anadutsa akuchokera kuchitsime n'kumunong'oneza kuti, "Ugwire mtima, mwana wanga, mwezi sunaoneke." Celestina anaona ngati ndi mawu aja amene anthu amanena pamaliro akasowa chonena.

Anthu ena chisoni chimawagonetsa, koma Celestina chinamuyendetsa. Funso la Cipriano silinamuchoke m'mutu: mawu amafika kumtsinje kapena safika? Aliyense ankati amafika, koma ndani anapitako kukamvetsera? Tsiku lina, bwalo likuzenga mlandu wa mchere wobedwa, iye kwa nthawi yoyamba sanakhale nawo. Anatenga dengu ngati wokakumba dothi la miphika n'kutsetsereka mpaka kumtsinje, pamene panali mapazi a nsapato za atropa m'matope.

Anakhala chete. Anamva madzi, anamva mbalame. Kenako, momveka ngati munthuyo ali kuseri kwa bango, anamva mawu a mkazi: "Wabodza iwe, mchere wanga unali m'chiguduli chofiira!"

Celestina anacheuka, panalibe munthu. Anayang'ana kuphiri. Thanthwe lija linali litayasama molunjika kumtsinje, ndipo mawu onse a pabwalo linkawasonkhanitsa n'kuwatsanulira kuchigwa. Anayenda chokwera mtsinje, akumvabe. Anatsika, akumvabe. Anagwada, anaimirira, anatseka khutu limodzi, mpaka anaiwala kuti ali ndi chisoni. Anamva mboni, anamva anthu akung'ung'udza, anamva a Bento akutsokomola. Tambala uja, galu uja, ngakhale Marko, onsewo anali ana poyerekeza ndi bwalo.

Anakwera phiri mofulumira. Anali atakaona kamtengo ka diwa. Maganizo ake anali akuti bwalo likagwa zigamulo zake zigwa nalo, monga nkhokwe ikagwa chimanga chimamwazika.

M'mawa mwake anakaima pamaso pa miyala itatu ija. Marko anakhala kumbuyo kwa anthu, akumaliza mkombero wa dengu lake.

"Mukudandaulira ndani, amake Paulina?" anafunsa a Bento.

"Inuyo. Bwalo lino."

Panabuka chiphokoso chimene chikanadzutsa atropa a ku Chifunde komwe. Ena ankati mayiyu mutu wazungulira, ena ankaseka. A Bento anafunsa anzawo ngati woweruza angazenge mlandu wake womwe.

"Tinapangana kuti kwa wina aliyense," anatero a Zakariya. "Nenani, mayi."

Celestina anafotokoza zimene anamva, napempha kuti asamukhulupirire iye. Atumize anthu kumtsinje. Anapita a Bento ndi Cipriano, poti Cipriano ndiye anali mwini makutu. Atapita kanthawi, Celestina anakodola Estere kuti anene chilichonse ndi mawu amene munthu amalankhulira pamlandu. Estere anaganiza pang'ono n'kunena kuti, "Celestina ndiye amavundula madzi, ndinamuona ndi maso angawa!"

Awiri aja anabwerera ali thukuta kamukamu. A Bento anakhala pamwala wawo mwakachetechete, n'kubwereza mawu a Estere osaphonya ngakhale limodzi. Cipriano anangovomera ndi mutu, nkhope itagwa.

Wina anati bwalo lisamukire pena. Koma malo ena obisika ku ndege oti anthu onse n'kukwanapo kunalibe, ndipo ena anakumbutsa kuti galu uja sanasamutsidwire kungodya ina ya msasa, anachotsedwa. Wina anati azizenga monong'ona. Mayi Yudita anafunsa kuti ndi liti pamene munthu wobedwa mchere ananong'onapo. Oweruza anagundanitsa mitu nthawi yaitali kuposa masiku onse. Mayi Yudita ankaoneka kuti akuchonderera, a Zakariya akupukusa mutu. Pamapeto pake mkuluyo anaimirira, nkhope yake ili ngati tsiku la ng'oma lija.

"Mawu a bwalo lino amafika kumtsinje. Bwalo lichoke. Kuyambira tsopano pamsasa pano palibe woweruza."

Atatuwo anachoka pamiyala n'kukakhala pansi pakati pa anthu. Celestina anafuna kululutira, koma anakumbukira thanthwe. Diwa linali litagwa monga anawerengera.

"Ndiye kuti a Marko atsala," anatero.

A Bento anakanda kumutu. "Chogamulidwa chinagamulidwa, mayi. Tambala sadzuka chifukwa ife tachoka pamiyala. Limene likanamasula amuna anu ndi bwalo."

"Chabwino, khalaniponso kanthawi kochepa. Mumasule, kenako muchoke."

"Ndikakhala pamwala uja ndaswa chigamulo chimene ndangochitulutsa pakamwa," anatero a Zakariya. "Woswa chigamulo angamasule bwanji mnzake? Ine tsopano ndine Zakariya chabe, amake Paulina, monga mmene inu mulili Celestina."

Mayi Yudita anagwira nsalu ya Celestina. "Ndinakuuza kuti ugwire mtima. A Bento ndinali nditawafewetsa kale kuti tiuonenso mlandu wanu. Kunatsala a Zakariya okha."

Celestina anali atachimasula chinthu chonse mpaka tizitsulo, ngati njinga ya malume ake ija, ndipo anali atachiona chimene chimalira m'kati. Koma ulendo uno panalibe woti n'kuchimanganso.

Cipriano anaimirira. "Ine mlanduwu ndautaya. Sindikuufunanso." Ananena akuyang'ana miyala itatu ija, koma pamiyalapo panalibe woulandira. Kenako anakhalanso pansi.

Celestina anatembenukira kwa anthu. "Nenani inuyo tsono. Palibe mfumu, palibe woweruza, mwatsala inu. Bambo awa atsale kapena apite?"

Anthu anayang'anana. Ambiri ankamukonda Marko, zimenezo n'zoona. Koma mantha a tsiku la nsungwi anali asanawachoke, ndiponso anali atazolowera kutsegula pakamwa akafunsidwa ngati mboni basi. Kunena kuti chakuti chichitike inali ntchito ya pamiyala. Aliyense ankadikira kuti ayambe mnzake, ndipo mmodzimmodzi maso awo anabwerera pamiyala yopanda anthu ija, ngati kuti ilankhula.

Marko anali ataona zonse osamva kanthu. Anaona oweruza akukhala pansi, anaona nkhope ya mkazi wake ikuwala kenako n'kuzima. Anaika dengu pambali, anadutsa pakati pa anthu n'kukagwada pamaso pa a Zakariya.

"Akulu, mwandimasula?"

Thanthwe linabweza funsolo. Chimene chinkafunika chinali kugwedeza mutu basi, kamodzi kokha, ndipo Marko akanakhulupirira. Koma a Zakariya anali munthu amene anang'amba ng'oma yake. Misozi inatsika mpaka m'ndevu, mutu osagwedezeka. Marko anayang'ana a Bento, iwo anayang'ana pansi. Anayang'ana mayi Yudita, iwo anali atafunda nsalu kumaso.

Kumsasa Celestina anayesa zonse. Anamuuza ndi manja kuti palibe amene amuthamangitse, kuti Estere aziwapatsa moto mobisa, kuti anthu adzaiwala.

"Ine ndidye mchere wobisa ngati mbala?" Marko anatero. "Anandimanga pamaso pa anthu. Ngati palibe wondimasula pamaso pa anthu, ndidakali womangidwa."

Dzuwa litangolowa, mwezi unaoneka kumadzulo, wopyapyala ngati chikhadabo. Celestina anauyang'ana, kenako anayamba kulongedza miphika yake m'dengu latsopano lija. Zotsala yekha sanaziganizire n'komwe.

Ananyamuka m'mawa. Anthu onse anawaperekeza mpaka pothera mitengo. Estere anawamangira mchere pansonga ya nsalu, Cipriano anawanyamulira khasu, ndipo a Zakariya anayenda kumbuyo kwenikweni ngati munthu wosaitanidwa. Pamene njira imayamba kutsika, Marko anatembenuka n'kukoka mpweya. Dzanja la Celestina linanyamuka lokha, mwachizolowezi, kulunjika pamene mtsempha umagunda. Linaima m'malere, kenako analibweza.

"Tsalani bwino, abale!"

Mawuwo anayenda phiri lonse, anagunda thanthwe n'kutsikira kumtsinje. Anthu anayankha kuti pitani bwino, koma monong'ona. Marko anangoona milomo yonse ikugwedezeka pamodzi, ndipo nkhope yake inawala.

"Wamva, amake Paulina? Onse ayankha."

Celestina anavomera ndi mutu. Anasenza dengu n'kutsogola panjira ya ku Zambia, maso ali pansi, akuyang'ana poti mwamuna wake aponde.